Pepala la cipatala lisanacedwe

Ambiri amene avulala pa ngozi ya njinga yamoto pa mseu wa Great East, pakati pa Nyimba ndi Petauke, kapena m'miseu yafumbi yopita ku Msanzala ndi ku Ukwimi, afika kwa ife ku cipatala mocedwa. Ayamba akambirana kunyumba. Mwini njinga alonjeza mbuzi, banja livomera. Papita milungu itatu, mwendo watupa, mbuzi sinaoneke, ndiye m'pamene abwera kudzafuna "pepala la inshuwalansi". Apa ine ndisowa colemba. Mabala ena anapola kale, ndipo sindingalembe cimene sindinaone.

Lamulo la Road Traffic Act la 2002 likakamiza njinga yamoto iriyonse yoyenda pa mseu kukhala ndi inshuwalansi ya third party. Imeneyi ilipira munthu amene wagundidwa. Siilipira woyendetsa wolakwayo, ndiponso siikonza njinga yake. Anyamata athu ambiri adziwa zimenezi ali kale pa bedi.

Tsono inu amene mwagundidwa, bwerani tsiku lomwelo, ngakhale muyenda bwino. Wovulala m'mutu angathe kuseka masana, usiku n'kukomoka. Wina wa pabanja alembe nambala ya njinga ndi dzina la kampani ya inshuwalansi, apite ku polisi akanene ngozi ndi kutenga fomu ya lipoti la cipatala. Posaina fomuyo, dokotala ayang'ana zimene tinalemba pa khadi tsiku loyamba. Cifukwa cace nenani paliponse pamene papweteka, osati pamene pacoka magazi pokha. Sungani khadi, cithunzi ca X-ray ndi malisiti onse, ngakhale a galimoto imene inakunyamulani. Ku kampani perekani mafotokope.

Ena andikokera pambali kuti ndionjezere mabala. Ndikana. Kampani ikapeza bodza limodzi, ikaikira pepala lonse.

Inu oyendetsa, kampani ingathe kukukanirani ngati mulibe laisensi, kapena ngati munyamula anthu ndi ndalama pamene munalembetsa kuti njinga ndi ya ulendo wanu cabe. Afunseni musanalipire.

Musafulumire kusaina kuti nkhani yatha pamene mwendo ukali mu pulasitala, pakuti kulemala kudziwika fupa litagwirana. Kampani ikakana kapena ikangokhala cete, pemphani yankho lolembedwa, ndipo tumizani dandaulo lanu ku Pensions and Insurance Authority ku Lusaka, bungwe limene liyang'anira makampani amenewa.