Injini ikanoka, tisamangonamizira bearing

Msewu wa pakati pa Ndola ndi Kitwe ndi wa makilomita pafupifupi 60, ndipo anyamata a Subaru, Altezza, Mark X ndi BMW amakonda kuyesererapo liwiro. Tonsefe kuno ku Kopala tinamvapo za motoka imene inanyamuka ku Ndola ikulira bwinobwino, koma kukalowa mu Kitwe ili pachingwe. Mukafunsa, yankho limakhala limodzi: injini yanoka, bearing yapita. Mwini wake amatukwana kampani, amatukwana amene anamugulitsa, ena mpaka kuganizira achibale akumudzi.

Ife tikuti bearing kawirikawiri siifa yokha, imachita kuphedwa. Wosintha bearing asanapeze chimene chaipha amabwereranso kugalaja ndi injini yomweyo, atataya kale ndalama.

Tiyambe ndi mmene imagwirira ntchito. Con rod ndi chitsulo cholumikiza pisitoni ku crankshaft. Kumunsi kwake, kumene amakanika amati big end, kuli tizitsulo tiwiri tokhota tokumbatira crankshaft, ndipo timeneti ndiye bearing. Pakati pa bearing ndi crankshaft pali kampata ka mamilimita pafupifupi 0.03 mpaka 0.05, kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. M'kampatamo mumalowa oyilo wopopedwa ndi pampu, moti crankshaft imayandama pa oyiloyo osakhudza chitsulo chinzake. Injini ikafika pa 6,000 rpm, crankshaft imazungulira ka 100 pa sekondi imodzi. Oyilo akasowa kwa masekondi ochepa chabe pa liwiro lotere, zitsulo zimakhulana, bearing imapsa, kampata kaja n'kukula. Kugogoda kumene timakutcha kunoka ndi con rod ikumenya crankshaft.

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma vuto ili limachenjeza. Ma bearing ambiri a injini zamphamvu ali ndi mkuwa mkati, wokutidwa ndi chitsulo chofewa chopyapyala. Mtundu wa mkuwa palibe angatiphunzitse ife a kuno. Mukaona tinyenyeswa tofiirira tonyezimira mu oyilo amene mwatsitsa, kapena m'fyuluta mutaing'amba, dziwani kuti chofewa chija chaperepeseka. Kenako kagetsi ka oyilo kamayamba kuphethira injini ikatentha. Kugogoda kumabwera pomalizira, zinthu zitaonongeka kale.

Choyamba chimene chimapha bearing ndi kuchepa kwa oyilo. Injini za turbo ndi zina zothamanga zimadya oyilo pang'onopang'ono ngakhale zili bwino. Oyilo akachepa m'sump, pokhota mwaliwiro amakhuthukira mbali imodzi ndipo pampu imakoka mpweya. Maenje a m'misewu yathu nawo amapinda sump, n'kufinya kapena kusweka paipi yokokera oyilo.

Chachiwiri ndi litsiro. Fumbi la mu Ogasiti mpaka Okutobala likadutsa pa fyuluta ya mpweya yong'ambika, kapena pa zija zotseguka zimene anyamata amaika kuti motoka izilira mokoma, limakathera mu oyilo n'kumapala bearing ngati sandipepa. Oyilo wokhalitsa, wosakanikirana ndi petulo chifukwa cha maulendo afupiafupi a m'tauni, amasanduka wamadzimadzi. Motoka yochokera ku Japan, yotsikira ku Dar es Salaam n'kudzalowera pa Nakonde, imafika kuno itayenda makilomita oposa 1,500 ndi oyilo amene palibe akudziwa tsiku limene anathiridwa. Ntchito yoyamba izikhala kumutsitsa ndi kusintha fyuluta. Marimu adikire.

Chachitatu ndi petulo. Motoka ngati Impreza WRX STI ya ku Japan inakonzedwera petulo wa octane yapamwamba, pafupifupi 100. Kuno ERB imalengeza mtengo wa petulo wamtundu umodzi, ndipo wa pampope wathu safika pamenepo. Injini ikapanikizidwa ndi petulo wosaiyenera, motowo umaphulika mosalongosoka m'malo moyaka bwino, ndipo nkhonya yake imatsika ndi con rod kukathera pa bearing. Kompyuta ya motoka imayesa kuteteza, koma ili ndi malire. Wowonjezera boost popanda kuganizira petulo wathu akuchulukitsa nkhonya zomwezo. N'chimodzimodzinso woponda moto m'mawa wa mu Juni injini ikadali yozizira, ndi wokwera chitunda pa giya yapamwamba ataponda mpaka pansi.

Tisabise, injini zina zili ndi chilema chake. BMW inasinthira makasitomala ma bearing pa M3 ya injini ya S54 yopangidwa pakati pa 2001 ndi 2003, ndipo injini za S65 ndi S85 zimadziwikanso ndi vuto lomweli. Ku America eni a WRX ndi STI za 2012 mpaka 2017 anatengera Subaru kukhoti, kampaniyo n'kuvomera kutalikitsa waranti. Koma chilema chodziwika chimafuna mwini wosamala kwambiri. Sichikhala chowiringula cha munthu amene sanatsegule boneti kwa miyezi itatu.

Pamene tikudandaula kwambiri ndi pa kakonzedwe. Mwini motoka amafika kugalaja n'kunena kuti, "Bwana, ingomasulani sump, muike bearing yatsopano, mawa ndikufuna kuyenda." Kusinthira pansi choncho kuli bwino ngati mukupewa vuto crankshaft ikadali yosalala. Injini ikanoka kale, njirayo ndi yotaya ndalama. Crankshaft iyenera kutuluka n'kupimidwa ndi micrometer. Ngati yakandika, ipalidwe, mwachitsanzo ndi mamilimita 0.25, ndipo ma bearing agulidwe a saizi yomweyo. Bowo la con rod lipimidwe ngati likadali lozungulira bwino. Njira zonse za oyilo zitsukidwe, pampu ndi paipi yake zionedwe, ndipo oil cooler isinthidwe chifukwa imabisa tinyenyeswa timene timadzapha bearing yatsopano. Pomanga, kampata kaja kapimidwe ndi Plastigauge, mabawuti amangidwe ndi torque wrench osati mphamvu za mkono, ndipo asinthidwe ngati buku la motokayo likutero.

Zonsezi zimadya masiku ndi ndalama, n'chifukwa chake makanika wofuna kupima amaoneka wodula pamene wongoyerekeza ndi maso amaoneka wachifundo. Apa eni motoka ndiwo ali ndi mphamvu. Mukamalipira ntchito yachangu yokha, amisiri osamala amatha m'magalaja. Luso lilipo: NORTEC ku Ndola imaphunzitsa za injini, ndipo m'migodi oyilo wa makina akuluakulu amatumizidwa kulabotale kuti aone zitsulo zimene zilimo makinawo asanaonongeke. Nzeru imeneyi ili pakhomo pathu pomwe.

Pali mchitidwe winanso umene tiyenera kuutchula dzina lake, ndipo dzinalo ndi kuba. Injini ikayamba kugogoda, ena amathira oyilo wolimba wa 20W-50 ndi mankhwala omata kuti phokoso lichepe, n'kuitsatsa pa Facebook kuti ili bwino. Wogula amakhala mnzathu amene watenga ngongole ya pamalipiro, ndipo adzabweza kwa zaka motoka ili pamiyala. Oyilo wolimba sabwezeretsa chitsulo chimene chapita. Inu ogula, pemphani kuiliza m'mawa isanatenthe, muiyendetse mpaka itenthe, kenako mumvetsere ndi kuona kagetsi ka oyilo. Wogulitsa akakana, musiyeni.

Kwa inu amene muli nayo kale, thirani oyilo wa nambala imene buku likunena, wogula pamalo odalirika. M'fumbi lathuli, kusintha pa makilomita 5,000 si kuononga ndalama. Pimani oyilo nthawi iliyonse mukuthira petulo, ndipo ikani geji ya mphamvu ya oyilo ngati mumathamanga. Tsiku limene mudzamve kugogoda, zimitsani pomwepo, ngakhale Kitwe ikuoneka patsogolo. Mtengo wokokera motoka ndi wochepa poyerekeza ndi wa injini imene con rod yaboola.