Zabwino Tikupatsa Nkhumba

Amalonda anzanga, tamverani kuno. Sabata yatha kuchigayo ndinapeza mayi wina atakonola chimanga, madeya onse n'kugulitsa kwa oweta nkhumba. Ati mgaiwa ndi chakudya cha akaidi. Koma abale!

Mu 1971 dokotala Denis Burkitt, yemwe anagwirapo ntchito ku Uganda, analemba kuti khansa ya m'matumbo inali yosowa kumidzi ya mu Africa chifukwa anthu ankadya zakudya zosachotsa gaga. Gagayu amafewetsa chimbudzi, ndiye zoipa sizikhalitsa m'mimba. Amadyetsanso tizilombo tabwino tomwe timateteza matumbo. Chambiko nacho chili ndi tizilombo tabwino totere.

Nanga ife? Malonda akayenda, basi tchipisi, soseji ndi zoziziritsa kukhosi. Chonsecho mu 2015 bungwe la WHO linanena kuti nyama zonga soseji zimayambitsa khansa yomweyi.

Ine ndabwerera ku mgaiwa, nyemba ndi bonongwe. Chimanga chachuku chokha ayi, chimawononga chiwindi.

Koma mgaiwa si mankhwala. Mukaona magazi m'chimbudzi, musiyireni mnzanu benchi, muthamangire kuchipatala. Makasitomala muwapeza.