Zolemba pamanja si chuma cha kampani

Mphunzitsi akalemba phunziro ndi cholembera cha pa tabuleti, makina amasunga njira yonse imene dzanja layenda: poyambira mzere uliwonse, nthawi imene watenga, ndi mphamvu yokanikizira. Zimenezi ndizo zimatheketsa kufufuta mzere umodzi kapena kusandutsa zolembazo kukhala zotayipa.

Koma makampani ambiri amazitsekera m'mafayilo amene amatseguka ndi pulogalamu yawo yokha. Mwini wake akafuna kusamukira ku pulogalamu ina, amangopatsidwa chithunzi kapena PDF, zimene sangazikonzenso mzere ndi mzere.

Chowiringula palibe. Mu 2011 bungwe la W3C linavomereza InkML, njira yosungira zolemba zotere imene aliyense angaitsate kwaulere, ndipo Microsoft Office imaigwiritsa ntchito. Okana akukana dala, pofuna kuti wogula asawathawe.

Olankhula Chichewa ndiwo akutaya zambiri. Mapulogalamu ambiri owerenga zolemba pamanja sachidziwa chilankhulochi, ndipo kuti achiphunzire pafunika zolemba zochuluka zosungidwa moyenera. Choncho sukulu kapena ofesi isagule pulogalamu isanatsimikize kuti zolemba zake zidzatulukamo monga momwe dzanja linazilembera.