Musakweze ndalama yolowera m'mipikisano ya magemu

Kulikonse komwe achinyamata amapikisana pa magemu a pakanema, tsiku lina okonza mpikisano amakhala pansi, nkuwerengetsa zomwe awononga, nkugwirizana chimodzi: ndalama yolembetsera ikwere. Amati potero holo ilipiridwa, mphoto ikula, ndipo mpikisano uoneka wolemekezeka. Ine ganizo limeneli ndikulikana, ndipo ndikupempha onse okonza mipikisano ya mpira wa EA Sports FC, eFootball, Tekken ndi Mortal Kombat m'matauni mwathu kuti alikanenso.

Sindikunena kuti okonzawo ndi adyera. Ambiri amatapa m'thumba mwawo. PlayStation 5 itatuluka mu Novembala 2020 inkagulidwa madola 499, ndipo kuchokera nthawiyo kwacha yagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mapadi osewerera amatha msanga akamadutsa m'manja ambiri. Gemu ya mpira ya EA imatuluka yatsopano chaka chilichonse, ndipo osewera safuna ya chaka chatha. Onjezerani holo, mayunitsi a magetsi, bandulo ya intaneti ndi petulo wa jenereta poti magetsi akhoza kuzima ndime yotsiriza ili mkati. Vuto la ndalama lilipodi. Chomwe ndikutsutsa ndi munthu amene asankhidwa kuti alisenze.

Tiyeni tione amene amalipira. Mipikisano yambiri ya magemu omenyana imayendera lamulo loti munthu amatuluka akagonja kawiri. Pakalembetsa anthu 32, anthu 16 amagonja masewero oyamba, ndipo mwa iwowo 8 amagonjanso achiwiri nkulongedza. Ndiye kuti munthu mmodzi mwa anayi aliwonse amabwerera kwawo asanapambane ngakhale kamodzi, mwina atagwira padi kwa mphindi zosakwana 20. Mphoto imagawidwa kwa atatu kapena anayi apamwamba, ndipo m'dera lililonse nkhope zake zimakhala zomwezomwezo mwezi ndi mwezi. Otsalawo amadziwa asanachoke pakhomo kuti sapata kanthu. Amabwera kudzaphunzira, kudzayesa mphamvu, kudzacheza ndi anzawo. Mpikisano wonse umaima pa anthu amenewa, chifukwa ndalama ya mphoto ndi yawo.

Tsono tiyerekeze kuti ndalama yolowera inali K2,000, lero mwaikweza kufika K10,000. Katswiri uja saiona, poti akudziwa kuti ibwerera ndi phindu. Woiona ndi mnyamata wa Fomu 3 wa ku Ndirande kapena ku Kawale amene alibe PlayStation kunyumba, amene amaphunzirira gemu m'kashopu kolipira pa masewero aliwonse, amenenso ayenera kusunga ya minibasi yopita ndi yobwerera. Ameneyu K2,000 angaipeze atasonkha kwa milungu ingapo. K10,000 yongogonjera kawiri sangaitaye, ndipo sindingamudzudzule. Mtsikana amene makolo ake akukayikira kale zomulola kupita kumalo kodzadza anyamata, mwamutsekera khomo kotheratu. Mwezi woyamba mphoto ionekadi yonenepa. Pofika mwezi wachinayi mutsala ndi akatswiri ochepa ongosinthana ndalama zawo zomwe, opanda owaonerera, opanda wowalanda mpando. Uku ndi kukazinga mbewu yomwe munayenera kudzala.

Akatswiri enieni amachokera kumalo otchipa. Arslan Ash wa ku Lahore m'dziko la Pakistan anakulira m'mashopu a magemu a mumzindawo, akulipira timakobiri pa masewero. Dziko lapansi silinkadziwa nkomwe kuti ku Pakistan kuli osewera Tekken oopsa. Mu 2019 anapambana mpikisano wa EVO Japan ku Fukuoka, chaka chomwecho nkukapambananso EVO ku Las Vegas atagonjetsa Knee wa ku South Korea, yemwe ambiri ankamutenga ngati mfumu ya gemuyi. Pambuyo pake mnzake Atif Butt anatenga chikho cha Tekken World Tour. Luso lotere limanoledwa ndi khamu la anthu osewera tsiku ndi tsiku pamtengo woti aliyense akwanitsa. EVO imeneyo, yomwe lero imasonkhanitsa anthu zikwizikwi, inayamba mu 1996 ngati kampikisano ka anthu ochepa ku California kotchedwa Battle by the Bay. Inayamba yasonkhanitsa anthu, ndalama zinatsatira pambuyo, mpaka kampani ya Sony inagulako gawo mu 2021.

Palinso china chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri. Ndalama yolowera ikakwera, ndipo yonse nkumapita kwa wopambana, mpikisano umayamba kununkha juga. Mwana amabwereka ndalama, kapena kutapa ya fizi, ali ndi chiyembekezo choti aibweza akapambana. Achinyamata athu akulimbana kale ndi chinyengo cha kubetcha pa mpira, chomwe chafika pafoni iliyonse. Makolo ambiri amaona magemu ngati chibwana chotayitsa nthawi; tikawapatsa chifukwa chowaonera ngati juga, sadzalolanso ana awo kuyandikira, ndipo palibe mphunzitsi wamkulu amene adzatibwereke holo ya sukulu.

Ena anena kuti popanda mphoto yaikulu akatswiri sabwera. Asabwere ngati chowabweretsa ndi ndalama ya ana ophunzira kumene. Koma sindikhulupirira kuti angakhale kunyumba, chifukwa katswiri amafuna omuona komanso dzina, ndipo zimenezi zimapezeka pomwe pali anthu ambiri.

Nanga ndalama ichokere kuti? Choyamba, okonza alekanitse zinthu ziwiri zomwe amaziphatikiza: ndalama ya malo ndi ndalama ya mphoto. M'mipikisano ya m'madera ku America umu ndi momwe ambiri amachitira. Ya malo ikhale yochepa, yolipira aliyense wogwira padi, ndipo ilembedwe poyera: holo mwakuti, petulo mwakuti. Anthu sadandaula kusonkha akaona komwe ndalama yapita. Ya mphoto ikhale yofuna mwini, akatswiri ofuna kupikisanirana ndalama asonkherane okha. Wobwera ndi PlayStation yake kapena sikirini alowe ulere, poti wachepetsa zobwereka. Pagulitsidwe zakumwa ndi zakudya, phindu lilowe m'thumba la gulu.

Chachiwiri, pitani mukagogode. Mpira wamiyendo kwathu kuno suyendera ndalama za osewera. Taona makampani akuika ndalama pa zikho ngati Airtel Top 8 ndi FDH Bank Cup, ndipo kumidzi amalonda ndi aphungu amaika ndalama pa mabonanza. Wogulitsa mafoni, mwini malo odyera kapena kampani yogulitsa intaneti ali ndi chifukwa chomveka chofunira kuti dzina lake lionedwe ndi achinyamata ambiri. Koma funso lake loyamba lidzakhala lakuti mumasonkhana angati. Mukayankha kuti 60, akumverani. Mukayankha kuti 10 olipira ndalama zambiri, akuperekezani pakhomo. Ngakhale mphoto yoposa madola 40 miliyoni ya mpikisano wa Dota 2 wotchedwa The International mu 2021, gawo lake lalikulu linachokera kwa okonda gemuyi ogula zinthu za m'gemumo, osati m'matumba mwa opikisana.

Inu okonza mipikisano, ngati ndalama sikukwana, chepetsani mphoto, fufuzani holo yotchipa, chitani mpikisano kamodzi pamwezi m'malo mwa sabata iliyonse. Zonsezi zikhoza kukonzedwanso zinthu zikayenda. Koma ndalama yolowera isiyeni pomwe mwana wa sukulu angaifikire.