Zilonda za Mumtima Nazonso Zimafuna Chithandizo: Kalata ya Abusa kwa Akhristu ndi Atsogoleri a Dziko Lino

Abale ndi alongo athu mwa Khristu, ndi inu nonse akufuna kwabwino,

Ife abusa anu amene tikutumikira m'mipingo ya m'chigawo cha kummwera talemba kalata ino mitima ili yosweka, chifukwa pakati pa nkhosa zimene Mulungu anatiikiza pali ovulala ambiri amene palibe akuwamanga mabala. Poti magazi sakutuluka ndipo fupa silinathyoke, aliyense akuyesa kuti ali bwino. Ife timalowa m'nyumba zawo, ndipo tikuchitira umboni kuti zinthu sizili bwino.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri athu. Ku Chilobwe ndi ku Manja matope ndi miyala zinatsetsereka kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi eni ake omwe. Mudzi wa Ntauchira ku Chiradzulu unakokoloka. Ku Mulanje ndi ku Phalombe, kumene akuluakulu anali asanaiwale Napolo wa 1991, mitsinje inasiya njira zake n'kudutsa m'midzi. Boma linawerenga anthu oposa 600 omwalira, oposa 500 amene sanapezeke, ndi oposa 650,000 osowa pokhala. Dziko linakhuza maliro masiku 14. Kenaka misasa inatsekedwa, magalimoto a ufa ndi mabulangete anabwerera kumene anachokera, ndipo otsala anauzidwa kuti ayambirenso moyo.

Ayambirenso bwanji? Tikudziwa amayi amene mitambo ikangoda amasiya mphika pamoto, kusonkhanitsa ana n'kuyamba kunjenjemera. Tikudziwa abambo amene anafukula matope ndi manja kufunafuna ana awo. Lero sagona tulo, akangotsinzina amaona zomwezo, ndipo kachasu amamuyamba m'mamawa kuti mutu ukhale chete. Aphunzitsi akutiuza za ana amene anali anzeru m'kalasi, koma tsopano mvula ikamalira padenga amalowa pansi pa desiki, ena ayambiranso kukodza pamphasa ali akuluakulu. Chotiwawa koposa ndi mabanja amene mitembo ya abale awo sinapezeke. Alibe manda okaikapo nkhata, sanaimbe nyimbo yotsanzikana, ndipo mtima wa mayi umakana kuvomera kuti mwana amene sanamuike m'manda anapitadi. Kumunsi kwa Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, madzi anasefukira mu 2015, namondwe wa Idai anafika mu 2019, wa Ana ndi wa Gombe mu 2022, Freddy n'kudzatsiriza. Mwana wobadwira kumeneko wathawa madzi kangapo asanamalize pulayimale.

Palinso zilonda zina zozama kuposa izi, zimene sizibwera ndi namondwe ayi, koma ndi munthu wodya naye m'mbale imodzi. Mtsikana amene bambo womupeza kapena malume ake akhala akumugwirira kwa zaka, akumuopseza kuti akaulula amupha. Mayi amene wamenyedwa chikwatiwire, ndipo akadandaula ankhoswe amangoti banja ndi kupirira. Mwana wamasiye amene wakula akutukwanidwa ndi kumanidwa chakudya pakhomo la achibale. Abale athu achialubino amene amagona khutu lili kukhomo. Nkhanza ikamachitika mobwerezabwereza, pamalo pamene munthu sangathawe, imawononga mmene iye amadzionera. Amakula akudziyesa wachabechabe, wamanyazi pa tchimo limene sanachimwe, wosakhulupirira aliyense, wopsa mtima pa zazing'ono kapena wozizira ngati sakumva kanthu. Ambiri a iwo timawapatsa mayina akuti amwano, oyendayenda, zidakwa, osafunsa chimene chinawachitikira.

Malemba sabisa zoterezi. Werengani 2 Samueli 13. Tamara atagwiriridwa ndi Amnoni, mlongo wake Abisalomu anamuuza kuti akhale chete, ndipo atate ake, mfumu Davide, anangokwiya osachitapo kanthu. Tamara anakhala wosweka mtima m'nyumba ya mlongo wakeyo, ndipo chete uja anabala kuphana m'banja lachifumu. Inu makolo ndi ankhoswe amene mumazimitsa nkhani ya mwana wogwiriridwa kuti dzina la banja lisaipe, kapena kulandira mbuzi kwa wolakwayo, dziwani kuti mukuyenda m'mapazi omwewo, ndipo Mulungu akuona.

Tikufuna kuti Mkhristu aliyense amve ichi: kuvutika motere si kuchepa kwa chikhulupiriro, si kulodzedwa, ndiponso si misala. Thupi ndi maganizo zikakumana ndi zoopsa zoposa mphamvu zake zimakhalabe tcheru ngakhale choopsacho chitadutsa. Eliya anali mneneri wamkulu, komabe pa 1 Mafumu 19 timamupeza atathawira kuchipululu, atatopa mpaka kupempha imfa. Mulungu sanamudzudzule. Anamulola kugona, anamudyetsa kawiri, ndipo pambuyo pake anamupatsa mpata woti akhuthule zakukhosi.

Kulira ndi mantha m'masabata oyamba ndi chibadwa, ndipo ambiri amapeza bwino akazunguliridwa ndi abale. Koma mwezi ukatha ndi kupitirira munthu akulotabe zoopsazo, akudzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse, akupewa malo ndi anthu omukumbutsa, akusowa tulo, akulephera kulima kapena kusamala ana, akudandaula mutu, msana ndi kugunda kwa mtima pamene achipatala sakupeza matenda, ameneyo akufunika chithandizo. Akayamba kunena kuti kuli bwino kungofa, musazengereze ndipo musamusiye yekha. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Izi tikuuzanso inu abambo, amene munaphunzitsidwa kuti mwamuna salira. Malipoti a apolisi amasonyeza chaka ndi chaka kuti ambiri mwa odzipha m'dziko muno ndi amuna, ndipo ife ndi amene timayendetsa miyambo ya maliro awo.

Chithandizocho n'chotani? Munthu amakhala pansi mwachinsinsi ndi mlangizi wophunzitsidwa bwino, maulendo angapo, osati tsiku limodzi. Poyamba amaonetsetsa kuti ali pamalo otetezeka, chifukwa mayi amene akubwerera kukamenyedwanso madzulo sangachire. Kenaka amaphunzira kukhazika mtima pansi mantha akabwera, ndipo pang'onopang'ono, pa liwiro lake, amayamba kufotokoza zimene zinachitika mpaka zitaleka kumugwira pakhosi. Ena amafunikanso mankhwala. Amene anazunzika kuyambira ubwana amatenga nthawi yaitali, ndipo tisawafulumize. Yambirani kuchipatala chimene muli nacho pafupi, mufunse za namwino woona za matenda a maganizo pachipatala cha boma lanu. Kuli chipatala cha Zomba Mental, kuli a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Wochitidwa nkhanza apite ku Victim Support Unit ya kupolisi kapena ku One Stop Centre, ndipo nkhani za ana mutha kuimba pa 116. Msamariya uja wa pa Luka 10 anachita zimene akanatha pamsewu, kenaka ananyamula wovulalayo kupita naye kwa wina woti amusamale, n'kulipira. Pemphero ndi chipatala sizilimbana.

Tsopano tilankhule nanu, inu atsogoleri a dziko. Malangizo tangoperekawa tawapereka tikudziwa kuti kwa mayi wa kuphiri ku Phalombe ali ngati kumulozera chitsime chimene chili kutsidya kwa mtsinje wodzaza. Dziko la anthu oposa 20 miliyoni likudalira chipatala chachikulu chimodzi cha boma cha matenda a maganizo, ndi akatswiri owerengeka ndi zala. Anamwino ochepa amene anaphunzira ntchitoyi nthawi zambiri amapatsidwa ntchito zina m'mawodi, galimoto yopita kumidzi imasowa mafuta, mankhwala amatha. Mu 2001 ku Abuja mayiko a mu Africa analonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Ife lonjezoli timalilephera kawirikawiri, ndipo pa zochepazo thanzi la maganizo limalandira nyenyeswa. Koma ndalama za maulendo, misonkhano ya kunyanja ndi magalimoto a akuluakulu sizisowa. Munabwera m'misasa ndi makamera, munajambulitsa mukupereka zidebe. Ndani wa inu anabwereranso kudzafunsa ngati amasiye aja akugona tulo?

Sitinaiwalenso amayi a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu amene anagwiriridwa ndi kuchitidwa nkhanza ndi apolisi mu Okutobala 2019. Mu 2020 khoti lalikulu linagamula kuti apepesedwe. Chipepeso chinali choyenera, koma ndalama yokha sichotsa mantha mwa mayi amene anapwetekedwa ndi womulondera. Wozunzidwa amachira msanga akaona kuti wolakwa wayankha mlandu. Mneneri Yeremiya anadzudzula atsogoleri a nthawi yake chifukwa chopoletsa bala la anthu pamwamba pokha, akulalika mtendere umene kunalibe. Chidzudzulo chimenecho chikukukhudzani lero.

Chikukhudzanso aliyense wonyamula Baibulo amene amauza wodwala kuti ataye mankhwala, amene amamanga wovutika maganizo ndi zingwe kuti akutulutsa ziwanda, amene amaimika mtsikana wogwiriridwa kutsogolo kwa mpingo kuti achitire umboni, kapena kumukakamiza kukhululuka wolakwayo asanalape n'komwe. Lekani zimenezi. Kukhululuka ndi chipatso chimene Mzimu amabala pa nthawi yake, ndipo sikuletsa mlandu kupita kukhoti.

Sitikulemba kuti tidane ndi wina aliyense. Atsogoleri athu timawapempherera sabata ndi sabata, ndipo tili okonzeka kugwira nawo ntchito. Ku Harare, m'dziko la Zimbabwe, agogo aakazi anaphunzitsidwa kumvetsera ovutika maganizo atakhala nawo pabenchi kunja kwa chipatala, pansi pa ntchito ya Friendship Bench, ndipo anthu ambiri athandizika. Ife tili ndi amayi a Mvano ndi a Chigwirizano, miphakati, akulu ampingo ndi alangizi a zaumoyo m'mudzi uliwonse. Boma liwaphunzitse, lilembe ntchito alangizi m'zipatala zing'onozing'ono, liike ndalama zooneka mu bajeti, ndipo pa ngozi iliyonse chithandizo cha maganizo chizifika limodzi ndi ufa. Zitseko za matchalitchi athu zili zotsegula kuti ntchitoyi ichitikiremo.

Tikupempha mipingo yonse kuti Lamulungu limene kalata ino iwerengedwe, mupempherere otsala a namondwe, ozunzidwa m'mabanja, ogwira ntchito m'zipatala ndi olamulira athu. Mabanja amene sanaike abale awo m'manda muwachitire mwambo wa chikumbutso, mayina a otayikawo atchulidwe mmodzimmodzi. Ndipo inu amene mwasenza katunduyu nokha kwa zaka zambiri, cholakwa si chanu. Sankhani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, mumuuze sabata ino, ndipo akuperekezeni kuchipatala.

Ambuye akusungeni nonse.

Ife abusa anu mwa Khristu.