Thandizo lisamagonere panjira

Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mawuwa adapherezera ku Haiti pomwe chivomerezi chidagwedeza mzinda wa Port-au-Prince pa 12 January 2010 n'kupha anthu oposa 100,000.

Maiko adathamanga ndi chakudya, madzi, mankhwala ndi matenti, koma katunduyo adasowa polowera. Doko la mzindawo lidagumuka, misewu idatsekeka ndi zibuma, ndipo bwalo la ndege lidali ndi msewu umodzi wokha woterapo. Ndege zina zonyamula zipangizo za chipatala zidakatera ku Santo Domingo, m'dziko loyandikana nalo la Dominican Republic, katunduyo n'kuyenda ulendo wautali pa malole. Uku ovulala akudikira, ena mpaka kutsirizika.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Dziko la Malawi lili m'chigwa chomwe nthaka yake imagwedezeka kawirikawiri. Ku Salima kudachitika chivomerezi mu March 1989, ndipo mu December 2009 zivomerezi zotsatizana zidagwetsa nyumba zambiri ku Karonga, mabanja n'kumagona panja mvula ili mkati.

Tsono funso ndi lakuti: zitachitikanso lero, thumba la ufa lingafike bwanji ku Karonga? Lole yochokera ku Lilongwe kapena Mzuzu imadalira msewu wa M1 womwe umatsetsereka m'mapiri a Chiweta. Miyala itagumukira mumsewumo kapena mlatho umodzi utaduka, katundu yense angaime pomwepo.

N'chifukwa chake nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi iyenera kusungiratu matenti, mabulangete, zidebe ndi mankhwala otsukira madzi m'maboma omwe ali pachiopsezo, osati m'mizinda ikuluikulu mokha. Njira ya panyanja kudzera padoko la Chilumba ikhalenso yokonzeka nthawi zonse.

Nawo makhonsolo adziwiretu eni malole, ngolo, mabwato ndi njinga zakabaza m'dera lawo, chifukwa pomwe galimoto yalephera, ndi anthu amenewa amene angafikitse katundu kumudzi. Mafumu ndi makomiti a m'midzi akhale ndi kaundula woona wa mabanja kuti ufa usasochere n'kukapezeka pamsika.

Opereka thandizo asamakhutire ndi kujambulitsa zithunzi malole akunyamuka. Ntchito imatha pokhapokha mayi amene nyumba yake yagwa watereka mphika pamoto, ana ake n'kugona ofunda.