Mvula ikamatsazika, dimba liyambe

Kuno ku Milonde mwezi wa Epulo ndi wonyenga. Chimanga chauma m'munda, maungu ndi mbatata zili mbwee, ndiye timaiwala kuti ndiwo za mu Julaye ndi ndalama za mu Seputembala zimakonzedwa panopa. Inu amene muli ndi dimba m'mbali mwa Ruo kapena timitsinje totsika m'phiri la Mulanje, fesani tomato, kabichi, anyezi ndi mpiru nthaka idakali ndi chinyontho. Phimbani bedi ndi udzu wouma, ndipo mbande za tomato zikakwanitsa masabata anayi muziwokere. Koma musalime mpaka m'gombe penipeni, pakuti namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adationetsa mmene madzi amakokololera gombe lopanda bango ndi nsungwi. Chiperoni chikayamba, tomato sachedwa kugwidwa ndi chiwawu, choncho mum'mangirire kutimitengo ndipo muzithirira patsinde, osati pamasamba. Mapesi musatenthe, asanjeni m'dzenje pamodzi ndi ndowe, phulusa ndi masamba aawisi kuti apange manyowa. Masangwe a mtedza, makoko a nyemba ndi madeya sungani pouma, mbuzi zidzadye mu Okutobala msipu ukatha. Mbuzizo zakhala pachingwe dzinja lonse ndipo zambiri zili ndi njoka zam'mimba, zimwetseni mankhwala tsopano. Nkhuku zilandire katemera wa chitopa, kadontho kamodzi m'diso miyezi inayi iliyonse, musadikire kuti za aneba ziyambe kusinza. Pamsika wa Limbuli mtengo wabwino amaupeza ndi amene wafika ndi dengu la zam'dimba anzake asanayambe kukolola.

— Mlimi Mnzanu